Nyanja Ili ndi Eni Ake

Chaka ndi chaka, pa Tsiku la Anakubala m'mwezi wa Okutobala, pa Khirisimasi ndiponso pa Pasaka, misewu yopita ku Senga Bay, ku Mangochi, ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay imadzaza ndi mabasi ndi magalimoto. M'menemo mumakhala mabanja, magulu a kumpingo, ogwira ntchito m'maofesi ndi ophunzira a m'sukulu za sekondale. Onsewa amapita kukapitidwa mphepo, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Munthu wobadwira m'dziko muno ayenera kuiona nyanja ya Malawi ndi maso ake, kusambiramo ndi kulawa chambo chake. Cholakwa chimaoneka m'mawa mwake, mabasi aja atabwerera. Mumchenga mumatsala zidutswa za mabotolo osweka, majumbo amayandama m'madzi, ndipo kuseri kwa mabango kumanunkha chifukwa alendo adakusandutsa chimbudzi. Amene amalawirira kukatunga madzi pamalo omwewo ndi mayi wa m'mudzi, mwana ali kumsana, kumapazi kulibe nsapato.

Gwero la khalidwe loipali ndi maganizo akuti nyanja ilibe mwini. Munthu wa m'tauni akafika pagombe amaona malo osewerera basi. Saona kuti kwa anthu a m'mudzi wa Chembe, kapena a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi ku Nkhotakota, nyanjayo ndiye chitsime chawo chomwe amamwapo ndi kuchapirapo. Ndiyenso munda wawo, pakuti usipa ndi utaka woyanikidwa pathandala ndiwo umagula chimanga ndi kulipirira ana sukulu. Akuluakulu adati mlendo sathyola mphasa, kutanthauza kuti mlendo ngofunika kumulandira bwino popeza sakhalitsa. Anthu a kunyanja mwambi umenewu amautsata, ndipo amalandira aliyense mwansangala. Koma alendo ambiri a masiku ano mphasa ija amaithyola ndithu, nachoka osatsazika n'komwe.

Wina akadzudzulidwa amayankha kuti nyanja njaikulu, botolo limodzi silingaidetse. Ndi zoona kuti njaikulu. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo kumpoto kuli malo amene kuya kwake kumafika mamita 700. Komatu wonena zimenezi sadziwa m'mene nyanjayi idapangidwira. Mitsinje yothira madzi m'nyanja ya Malawi ndi yambiri, monga Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua ndi Linthipe, koma wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire. Madzi ochuluka amachoka m'nyanjamo ngati nthunzi dzuwa likamawomba, ndipo nthunzi sinyamula zinyalala. Kotero chimene chatayidwa m'nyanja chimakhala momwemo zaka zambirimbiri. Jumbo sliwola ngati khoko la nthochi. Limangonyenyeka pang'onopang'ono n'kusanduka tizidutswa timene nsomba zimameza. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidagwirizana ndi lamuloli mu 2019. Koma lamulo silingatole jumbo limene munthu wa nzeru zake waliponya dala pamchenga.

Choopsa kuposa zinyalala ndi matenda. Likodzo limafala motere: munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilombo ta matendawa amaswa, tizilomboto timalowa m'nkhono, ndipo tikakhwima timatuluka n'kuboola khungu la aliyense wosamba kapena kuchapa pamalopo. Ofufuza amene adagwira ntchito ku Cape Maclear adapeza kuti likodzo lidachuluka pamene nsomba zodya nkhono zidachepa chifukwa cha kuphedwa mopyola muyeso. Choncho wokodza m'madzi ndi wokoka khoka la maso ang'onoang'ono pafupi ndi gombe amathandizana kudwalitsa ana a m'mudzi. Kolera nayenso amakonda malo opanda zimbudzi. Mliri umene udabuka mu 2022 ndi kupitirira mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja adali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Nanga ndi nzeru yotani kutengera anthu mabasi asanu kugombe kumene kuli chimbudzi chimodzi kapena kulibiretu? Mlendo akadwala amathamangira kuchipatala cha m'tauni. Mwana wa msodzi amakodza magazi mpaka kuyesa kuti ndi chizindikiro cha kukula.

Pali cholakwa china chimene ochichita amachiyesa chaulemu. Pobwerera kunyanja pa Khirisimasi, magalimoto ambiri amaima m'mbali mwa msewu, ndipo chambo chimapachikidwa pagalasi la galimoto kuti chikafike kumudzi chisadaonongeke. Ogulawo sadzifunsa kuti nsombayo yaphedwa nyengo yanji. Miyezi ya Novembala ndi Disembala ndi imene boma limaletsa makoka ophera chambo, chifukwa ndi nthawi yoswana. Chambo chachimuna chimakumba chisa mumchenga m'madzi osaya, ndipo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakhwima. Wopha chambo chimodzi chotere wapha ndi ana ake onse. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi, lidaika chambo m'gulu la nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu. Msodzi wophwanya lamulo ndi wolakwa, koma sakadalowa m'madzi usiku pakadapanda wogula woima pamsewu ndi ndalama m'manja. Wogulayo nthawi zambiri ndi munthu wophunzira, amene mawa lake adzadandaula kuti chambo chakwera mtengo.

Chodzikanira chachiwiri ndi ndalama. Amati alendo amabweretsa chuma kunyanja, choncho asawapanikize. Ndi zoona kuti achinyamata ena amapeza ntchito m'mahotela, osema ziboliboli amagulitsa malonda awo, ndipo eni maboti amalandira kangachepe. Koma kulipira chipinda chogona si kugula nyanja. M'madera ena a ku Mangochi ndi ku Salima, mipanda ya mahotela ndi ya nyumba zopumulirako anthu olemera idamangidwa mondondozana mpaka kukafika m'madzi. Dooko limene makolo ankakochezapo mabwato lidatsekedwa, ndipo mayi wofuna kuchapa amazungulira mtunda wautali kuti apeze kampata kofikira kumadzi. Mdzukulu wa mwini dera amathamangitsidwa ndi mlonda pamchenga pomwe agogo ake adayanikapo usipa. Omangawo adadula mabango ndi mitengo imene inkagwira nthaka ndi kubisa ana a nsomba. Nyanja idayankha yokha mu 2024, pamene madzi adakwera n'kulowa m'nyumba zambiri zogona alendo zomangidwa pafupi kwambiri ndi gombe. Akuluakulu a m'midzimo ankadziwa pomwe madzi amalekezera zaka za mvula yambiri, koma omanga sadawafunse. Safunsa adadya phula.

Kusafunsa komweko ndiko kumabweretsa maliro. Si zachilendo kumva pawailesi, nyengo ya tchuthi ikatha, kuti wina wamira. Kawirikawiri amakhala mlendo amene walowa m'madzi atamwa mowa, kapena wophunzira wosadziwa kusambira amene wachita manyazi kuulula pamaso pa anzake. Msodzi amadziwa pamene mchenga umathera mwadzidzidzi n'kuyamba phompho, amadziwa matsiriro a mitsinje momwe mumabisala ng'ona ndi mvuu, ndipo akaona mtambo amazindikira kuti mwera uli pafupi. Mwera si mphepo yoseweretsa. Mu Julaye 1946 sitima ya Vipya idamira kumpoto kwa nyanjayi pa nthawi ya namondwe, ndipo anthu 145 adafa. Ngati chombo chachitsulo chidagonja, nanga kabwato kodzaza ana a sukulu opanda zovala zoyandamitsa kangalimbe bwanji? Mphunzitsi wotsogolera ulendo amene amasiya ophunzira m'madzi iye n'kukakhala pamalo omwera mowa wapalamula mlandu kwa makolo amene adamukhulupirira.

Ena amatembenuza nkhani, amati eni dera nawonso amadetsa nyanja, amapha nsomba ndi maukonde otetezera udzudzu, ndiponso amagwetsa mitengo m'mapiri. Zimenezi zilipodi, ndipo nzofunika kuzidzudzula mosapsatira. Koma kulakwa kwa mwini nyumba sikupatsa mlendo chilolezo cholavula pakhomo. Kuonjezera apo, chitsanzo chabwino koposa cha kasamalidwe ka nyanjayi chidachokera kumudzi. Pachilumba cha Mbenji m'boma la Salima, mafumu a dera la Makanjira akhala akusunga malamulo a usodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Chilumbachi amachitseka kuyambira Disembala mpaka chakumayambiriro kwa Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo mowa, chamba ndi juga nzoletsedwa kumeneko. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kupirikitsidwa. Zotsatira zake nzakuti madzi a ku Mbenji amatchuka ndi utaka wonenepa pamene madera ena akulira. Anthu amene ambiri mwa iwo sadapite patali ndi sukulu adatha kudziletsa miyezi inayi chaka chilichonse. Wophunzira wa Folomu 4 sangalephere kudziletsa tsiku limodzi.

Chimene chili pachiswe si chuma cha Amalawi okha. Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa mitunduyo sipezeka kwina kulikonse. Tinsomba tokongola totchedwa mbuna timakhala m'miyala, ndipo mitundu ina imapezeka pachilumba chimodzi chokha. Ndicho chifukwa chake boma lidakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu onse a pa dziko. M'malo amenewa, kuphatikizapo zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo, kupha nsomba nkoletsedwa pa mtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe. Mtundu wa mbuna ukatha pachilumba chake, watha mpaka muyaya, ndipo palibe ndalama imene ingaubwezeretse. Madzi akatayika sawoleka.

Tsono zofunika kuchita sizovuta. Sukulu kapena mpingo wokonza ulendo wa kunyanja uyambe wafunsa ngati kumaloko kuli zimbudzi zokwanira, ndipo unyamule matumba obwereramo ndi zinyalala zake zonse. Pofika, atsogoleri akaonekere kwa nyakwawa kapena kwa komiti ya pagombe, afunse malo oyenera kusambira, ndipo alemekeze dooko la amayi. Woledzera asaloledwe kulowa m'madzi, ndipo bwato lopanda zovala zoyandamitsa lisakwezedwe ana. Chambo cha m'nyengo yoletsedwa chisagulidwe ngakhale chitatsika mtengo motani. Makhonsolo a maboma asapereke chilolezo chomanga kwa munthu amene sasiya njira yoti anthu a m'mudzi azifikira kumadzi, ndipo mipanda imene idatseka madooko akale itsegulidwe. Wophunzira amene lero akukwera basi ya ulendo wa sukulu ndi yemweyo amene mawa adzakhale mphunzitsi wotsogolera ulendo, mwini hotela kapena mkulu wa khonsolo wosayina zilolezo. Khalidwe limene adzaonetse pa udindo umenewo limayambira pa botolo limene lili m'manja mwake pagombe, ngati aliponya mumchenga kapena abwerera nalo.