Mano oyela a tsiku limodzi: funsani musanatsegule kamwa

Msuweni wanga wina anakula akuseka ataphimba pakamwa ndi dzanja. Mano ake akutsogolo anali ndi mawanga abulauni kuyambila ali mwana, ndipo anzake kusukulu anali kumunena kuti satsuka m'kamwa, pamene iye anali kutsuka kuposa tonse panyumba. Pa zithunzi zonse za banja, iye ndiye amaoneka ngati wakwiya. Caka catha, kutatsala milungu yocepa kuti acite kitchen party, ananitumila cithunzi pa WhatsApp ali ku Lusaka. Mano onse mbee, olingana ngati matailosi. Pansi pake analemba kuti, "Asuweni, onani! Manje nizaseka na ine."

Ndinakondwela naye, sindinama. Koma patapita miyezi itatu nkhama zake zinayamba kutupa ndi kutuluka magazi akamatsuka, ndipo m'kamwa munayamba fungo limene iye mwini anali kulimva. Apa m'pamene anaulula kuti amene anamuika manowo sanali dokotala. Anali munthu amene anamupeza pa Facebook, wogwilila nchito m'kacipinda kuseli kwa saluni. Dokotala wa mano amene anamuona pambuyo pake anapeza kuti mano asanu ndi limodzi anamatidwa pamodzi ngati cipupa cimodzi, ndipo pansi pa cimodzi mwa zomatazo panali dzino lobowoka limene linangophimbidwa.

Zimene anamuika zimachedwa composite veneers, ndipo ndi zimene acinyamata ambili akuziona pa TikTok masiku ano. Maganizo anga ndi akuti njila imeneyi payokha siyoipa. Pa njila zonse zokongoletsela mano, ndi imodzi mwa zimene siziononga dzino kwambili. Koma ndi cithandizo ca kucipatala, cofunika munthu wophunzila ndi wolembetsedwa. Tikaitenga ngati kuika zikhadabo kapena wigi, tidzalipila ndi mano athu.

Composite ndi phala lopangidwa ndi mtundu wa pulasitiki wosakaniza ndi tizidutswa tosalala kwambili ta galasi kapena silica. Ndi phala lomwelo limene madokotala amatsekela nalo dzino lobowoka akafuna kuti cotsekelaco cikhale coyela ngati dzino. Si cinthu cacilendo. Mu 1955 dokotala wina wa ku America, Michael Buonocore, anaonetsa kuti kupaka asidi pang'ono pa cikuto colimba ca dzino, cimene amati enamel, kumacititsa kuti pulasitiki igwile zolimba. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, Rafael Bowen anapanga utomoni wochedwa Bis-GMA, umene ukali maziko a ma composite ambili mpaka lelo.

Poika veneer, dokotala amayamba wapima mano ndi nkhama, nthawi zina ndi X-ray. Ndiyeno amasankha mtundu wolingana ndi mano ena, amatsuka dzino, n'kupakapo mankhwala a phosphoric acid kwa masekondi ocepa kuti pamwamba pakhale pokhakhala. Akatsuka asidiyo amapaka guluu wake, kenako amaika phala lija pang'onopang'ono, kagawo kamodzi pamwamba pa kanzake, ndipo kagawo kalikonse amakaumitsa ndi nyali ya buluu. Pothela amasema, amaona ngati mano akukumana bwino polumana, n'kupukuta kuti pasalale. Zonsezi zimatheka tsiku limodzi, ndipo nthawi zambili safunika kupala dzino kwambili, mwina osalipala n'komwe. Ndiye cifukwa cake n'zochipa poyelekezela ndi ma veneer a porcelain, amene amapangidwa ku labu ndipo kambili amafuna kuti dokotala apale pafupifupi theka la milimita pamwamba pa dzino.

Pali anthu amene njila imeneyi imawathandiza zenizeni. Mnyamata amene anagwa pa njinga n'kubenthula dzino lakutsogolo akhoza kutuluka m'cipinda ca dokotala dzino lili lathunthu tsiku lomwelo. Munthu amene dzino lake limodzi ndi laling'ono kuposa anzake, kapena amene ali ndi mawanga ngati a msuweni wanga, nayenso angathandizike. Mawanga otelo kambili amabwela cifukwa ca fluoride woculuka m'madzi amene mwana anali kumwa mano ake akupangika, maka-maka madzi a m'zitsime zina zakuya. Bungwe la WHO limati madzi akumwa asapitilile mamiligalamu 1.5 a fluoride pa lita imodzi. Mawanga amenewa ali m'kati mwa enamel, conco olo mutsuke ndi makala kapena phulusa, sacoka. Mumangopala dzino pacabe.

Ndiye amene amati zonsezi ndi kudzikonda cabe, sindigwilizana nao. Munthu amene watha zaka makumi awili akubisa kamwa, amene amaopa kukamba pa gulu kapena pofunsila nchito, ali ndi vuto lenileni. Ise amene timakhala kuseli kwa maikolofoni pa wailesi tili ndi mwai, palibe amationa mano. Mphunzitsi, wogulitsa mu shopu, namwino, onse amaonedwa pankhope tsiku lonse. Kufuna kuseka momasuka si chimo.

Koma pali zinthu zitatu zimene mavidiyo a masekondi 30 aja satiuza.

Coyamba n'cakuti veneer imaphimba, siicilitsa. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyelele. Dzino lobowoka likaphimbidwa, kuola kumapitiliza pansi pomwepo mpaka kukafika pa mtsempha, ndipo tsiku limene mudzamva kuwawa mwina padzakhala patacita kale mafinya. Cimodzimodzi ndi nkhama. Phala likaikidwa lonenepa m'mphepete mwa nkhama, kapena mano akamatidwa pamodzi moti ulusi wotsukila pakati pa mano sungapite, zakudya ndi tizilombo zimaunjikana pamenepo. Nkhama zimatupa, zimatuluka magazi, ndipo zikalekeleledwa fupa limene limagwila dzino limayamba kutha. Dokotala weniweni amayamba wacilitsa kubowoka ndi ciseyeye asanakambe zokongoletsa. Wosaphunzila sangazione n'komwe, cifukwa iye anaphunzila kuumba phala, osati kupima matenda.

Caciwili n'cakuti composite siikhala moyo wonse. Madokotala ambili amati imakhala zaka 5 mpaka 7, pamene porcelain imatha kufika zaka 10 mpaka 15. Imatenga mtundu wa tiyi, khofi ndi fodya, ndipo imafunika kupukutidwanso nthawi ndi nthawi. Imabenthukanso. Ganizilani mmene timagwilitsila nchito mano kuno kwathu: kusenda nzimbe, kukukuta cimanga cokazinga, kuphwanya mafupa a nkhuku, ena mpaka kutsegula botolo. Munthu wa ma veneer afunika kusiya zonsezi, ndipo amene amakukuta mano kutulo angafunike covala m'kamwa usiku. Ubwino wake ndi wakuti ikabenthuka imakonzeka mosavuta, koma kukonzako n'kolipila. Mankhwala oyeletsa mano nawonso sasintha mtundu wa composite, conco amene afuna kuyeletsa mano ake ena ayambe wayeletsa, ndiye aike veneer. Mwacidule, ndalama imene mumalipila tsiku loyamba ndi ciyambi cabe. Mtsikana wa zaka 25 amene waika ma veneer asanu ndi atatu adziwe kuti adzabwelela pa mpando uja kangapo asanakalambe.

Cacitatu, ndipo ici ndico cacikulu, n'cakuti enamel ikapalidwa siimelanso. Tsitsi limamela, cikhadabo cimamela, koma enamel ayi. Composite yoikidwa popanda kupala dzino imatha kucotsedwa mosamala, dzino n'kutsala pafupifupi mmene linalili. Koma ngati munthu wakupalani mano ndi makina kuti phala likhale bwino, ndiye kuti manowo adzafunika cophimba kwa moyo wanu wonse, ndipo angayambe kumva kuwawa mukamwa madzi ozizila. Ku Britain kunabuka mau akuti "Turkey teeth" cifukwa ca anthu amene anapita ku Turkey kukaika mano ochipa. Ena mwa iwo anaganiza kuti akuika ma veneer, koma anabwelako ndi ma crown, mano awo enieni atasemedwa n'kutsala tizitsa. Ku America, bungwe la American Dental Association mu 2024 linacenjeza anthu za ochedwa "veneer techs", anthu opanda layisensi amene amaphunzila kwa masiku ocepa n'kuyamba kulengeza pa intaneti. Zimene zimayamba pa foni ku Atlanta sizicedwa kufika ku Kamwala.

Ndidziwa yankho limene ena apeleke. Adzati madokotala a mano ndi ocepa, ambili ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo mitengo yao si ya munthu wamba. Nanga wosauka asaseke? Funso limeneli n'lomveka, ndipo ndi zoona kuti kumidzi yambili cithandizo ca mano cimene anthu amacidziwa ndi kuzula basi. Koma msuweni wanga analipila katatu: kuika, kucotsa, ndi kucilitsa dzino limene linaolela pansi. Kuchipa kwa tsiku loyamba kunamudyela ndalama zambili kuposa zimene anali kuthawa. Ndipo pali ngozi ina imene sitiiona ndi maso. Zida zolowa m'kamwa zimakhudza magazi ndi malovu, conco zifunika kuphikidwa m'makina a autoclave pambuyo pa munthu aliyense. Kuzipukuta ndi spirit sikokwanila, ndipo matenda monga hepatitis B amatha kudutsila pa zida zotelo. Kucepa kwa madokotala ndi cifukwa cokakamizila boma kuti liphunzitse ndi kutumiza ambili m'maboma, osati cifukwa copelekela kamwa kwa aliyense amene ali ndi nyali ya buluu.

M'dziko lathu muli njila yodziwila. Madokotala a mano ndi ma dental therapist amalembetsedwa ndi Health Professions Council of Zambia, ndipo malo ocitilako cithandizo nawonso amafunika layisensi. Anthu amenewa amaphunzila zaka, ena mu Lusaka, ena ku Copperbelt University ku Ndola. Kupempha kuona pepala la munthu amene afuna kulowetsa makina m'kamwa mwanu si mwano. Safunsa anadya phula. Funsani ngati adzapala dzino, ndipo adzapala motani. Funsani ngati zimene akuika ndi veneer kapena crown. Funsani ngati wapima nkhama ndi kubowoka. Funsani kuti ikabenthuka mudzalipila zingati, ndipo akatha yesani ngati ulusi ukupita pakati pa dzino lililonse. Funsaninso ngati pali njila ina yocepelapo, cifukwa mawanga ena a fluoride amacepa ndi kupukuta pamwamba pang'ono cabe kapena kuyeletsa, ndipo mano opotoka nthawi zambili amafuna mawaya, osati kuwaphimba. Wodziwa nchito yake sakwiya ndi mafunso otele. Amene akwiya, nyamulani cikwama canu.

Pali cinanso cimene cimandidetsa nkhawa. Acinyamata ena amene akufuna ma veneer alibe vuto lililonse ndi mano ao. Ali ndi mano athanzi, koma si oyela ngati a pa foni, kapena ali ndi kampata pakati. Kampata kameneka agogo athu anali kukatama kuti ndi kukongola, ndipo ambili akali kukatama. Mano acibadwa sakhala oyela ngati pepala. Amakhala ndi kacikasu pang'ono cifukwa ca mbali ya m'kati imene amati dentine. Kale pakati pa Atonga ndi Aila kum'mwela kwa dziko lino munali mwambo wocotsa mano apamwamba akutsogolo, ndipo pa nthawiyo kumeneko ndiko kunali kuoneka bwino. Mwambowo unatha. Zimene anthu amati n'zokongola zimasintha ndi mibadwo, koma dzino limene lapalidwa silibwelela kudzaona fashoni yatsopano.

Msuweni wanga anacotsedwa zomata zonse zija. Mwamwai amene anamuika sanapale mano kwambili. Dokotala anacilitsa nkhama, anatseka dzino lobowoka, n'kumuuza kuti adikile miyezi ingapo. Pambuyo pake anamuika composite pa mano awili cabe, amene anali ndi mawanga aakulu, mwa mtundu wolingana ndi anzake. Sali mbee ngati a pa cithunzi coyamba cija, ndipo munthu wosadziwa sangaone kuti pali cimene cinaikidwa. Pa Khisimasi tinajambula cithunzi ca banja, ndipo dzanja lake linali paphewa pa amai ake, osati pakamwa. Nzimbe anasiya kusenda ndi mano. Masiku ano amayamba wafunafuna mpeni.