PABWALO LA MPIRA: Coluna, Mzati Umene Sudatchone

 Sabata ino ndili ndi nkhani ya ng'ombe ziwiri. Musadabwe, tsamba lino silinasanduke la zaulimi ayi. Ng'ombe zimenezi zili pafupi kulowa m'bwalo la mpira.

Lamulungu lapitali, dzuwa litapendeka, mnansi wanga adabwera kunyumba nkhope ili yolemera. Mnansiyu ali ndi mnyamata wa zaka 16 amene amasewera pakati m'timu ya kwathu kuno. Mwanayo ndimamudziwa, mpira umamumvera ndithu. Tsono kudafika bambo wina wovala suti wochokera kumzinda, adaonera masewero amodzi, nkuuza makolo kuti mwanayu akuwola pano, malo ake ndi ku Portugal. Adati iye ali ndi anzake kumeneko, chofunika ndi ndalama za ndege, za pasipoti ndi zina "zotsegulira zitseko". Mnansi wangayo ndalama alibe, koma ali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo.

"Achimwene," adatero, "inu mumalemba za mpira m'nyuzi. Tandiuzani zoona. Ndigulitse kapena ndisagulitse?"

Sindidamuyankhe nthawi yomweyo. Ndidamukokera mpando, nkumufotokozera za ulendo wa osewera wapakati wamkulu kuposa onse amene dziko lino lidabereka, Mário Coluna. Lero ndikufotokozerani inunso, chifukwa ndikudziwa kuti makolo amene akulota maloto amenewa si mnansi wanga yekha.

Coluna adabadwa pa 6 Agosto 1935 kumwera kwa dziko lino, bambo ake anali Mpwitikizi, mayi ake a konkuno. Ali mnyamata anali katswiri pa zothamanga ndi kulumpha, koma mpira ndiwo udamutenga. Adatchuka akusewera m'timu ya Desportivo ya ku Lourenço Marques, mzinda umene lero timautcha Maputo. Matimu akuluakulu a ku Portugal, Porto ndi Sporting, nawonso adamufuna, koma Desportivo inali nthambi ya Benfica, ndipo m'chaka cha 1954, ali ndi zaka 19, mnyamatayu adapita ku Lisboa kukavala malaya ofiira.

Apa pali chinthu choyamba chimene ndidamuuza mnansi wanga kuti achigwire. Coluna sadachoke pakhomo pa amake nkutsata munthu wamumsewu. Adachoka m'timu yodziwika kupita m'timu yodziwika, ndipo matimu awiriwo adakambirana. Amene adafuna mwendo wake ndi amene adatulutsa ndalama. Wogula mbuzi ndiye amalipira, sitinamvepo mwini mbuzi akulipira kuti mbuzi yake itengedwe.

Chinthu china chodabwitsa nchakuti ulendo wautali chomwechi, wodutsa Africa yense, pa mapepala sudawerengedwe kuti nkupita kudziko lina. Kuyambira 1951 boma la Salazar linkati Moçambique si dziko lolamulidwa koma chigawo cha Portugal cha kutsidya kwa nyanja. Choncho Coluna adasewerera timu ya dziko la Portugal masewero 57, ndipo mu 1966, pa chikho cha dziko lonse ku England, iye ndiye anali kaputeni pamene Portugal idatha pa nambala 3. M'timu imeneyo munali ana anayi obadwira kuno: Coluna, Eusébio, Hilário ndi Vicente. Munda unali wathu, nkhokwe inali ya eni.

Atafika ku Lisboa, Coluna anali womwetsa zigoli, wakutsogolo. Koma malo amenewo anali kale ndi mwini wake, José Águas, munthu amene ankamwetsa ndi mutu ngati akuseka. Mphunzitsi wa timuyo, Otto Glória wa ku Brazil, adaona mphamvu za mnyamatayu, mapapo ake ndi diso lake, nkumubweza m'mbuyo kuti azisewera pakati. Anyamata ambiri akadanyanyala. Wakutsogolo ndiye amene dzina lake limafuulidwa pa wailesi, wapakati amathamanga mphindi 90 kuti wina akaombedwe m'manja. Coluna adavomera, ndipo kuvomera kumeneko ndiko kudamukhazika ku Benfica zaka 16. Inu amene mudapita kusukulu mukudziwa kuti pa Chipwitikizi mawu akuti coluna ndiye kuti mzati. Dzina lidagwera mwini wake. Alendo akalowa m'nyumba amayamikira denga, koma tachotsani mzati muone.

Akuluakulu amene ankaunjikana pa wailesi ya m'sitolo masiku amenewo akukumbukira. Mu Maio 1961, mumzinda wa Bern, Benfica idagonjetsa Barcelona 3-2 pa ndime yomaliza ya chikho cha matimu a ku Ulaya. Chigoli chachitatu chinali cha Coluna, mpira woombera kutali, ndipo pagolo panali mwana winanso wa kuno, Costa Pereira wobadwira ku Nacala. Chaka chotsatira, ku Amsterdam, Real Madrid idapita kopuma ikutsogola 3-2, zigoli zonse zitatu za Puskás. Atabwerera, Coluna adaombanso patali nkufananitsa, kenaka Eusébio adamwetsa ziwiri, masewero nkutha 5-3.

Koma ngati mukufuna kudziwa kulemera kwa osewera wapakati, yang'anani tsiku limene palibe. Mu 1963 ku Wembley, Benfica idakumana ndi AC Milan pa ndime yomaliza yachitatu yotsatizana. M'chigawo chachiwiri Gino Pivatelli adamutchera mwendo Coluna nkumuvulaza. Masiku amenewo malamulo sankalola kusintha osewera, wovulala ankangotsimphina kapena kutuluka, anzake nkutsala opereweza. Milan idapambana 2-1. Coluna adafikanso pa ndime yomaliza mu 1965 ndi mu 1968, ali kaputeni, koma chikhocho sichidabwererenso ku Lisboa. Kwawo ku Portugal adatenga ligi maulendo 10, ndipo anthu adamupatsa dzina lakuti Monstro Sagrado.

Tsono mverani nkhani imene ndidachedwapo ndi mnansi wanga. Mu Dezembro 1960 ku Lisboa kudafika mnyamata wa zaka 18 wochokera ku Mafalala, Eusébio. Benfica ndi Sporting zinkamulimbirana kotero kuti adakamubisa ku Algarve mpaka mkangano utazizira. Taganizani: mwana wosadziwa mzinda, wosadziwa chisanu cha kumeneko, akuluakulu a ndalama akukokana pa iye ngati nyama. Amake, mayi Elisa, adachita chinthu chanzeru. Adalemba kalata kwa Coluna yopempha kuti awayang'anire mwana wawo, popeza kumeneko analibe mbale. Coluna adalandira katunduyo. Adamutsegulira buku ku banki, nkumamuyang'anira ndalama zake kufikira atakhwima. Eusébio adadzatchuka kuposa womulerayo, koma ankamutchulabe Senhor Coluna. Ngakhale penate ija ya ku Amsterdam, adayamba wapempha kwa Coluna asanaimenye. Akale adati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndidamufunsa mnansi wanga kuti, kodi mwana wanuyu akatsika ndege, kalata yanu mudzalembera yani? Ndani amene akamuonetse pogona, akamuwerengere pangano asanasaine, akamudzudzule akayamba kuyenda usiku? Adangoti chete. Bambo wa suti uja sadatchule dzina la timu, sadatchule dzina la mphunzitsi, adangoti "anzanga".

Kusamuka kwa Coluna kumene kudawerengedwa kuti nkwa dziko lina kudabwera mochedwa, mu 1970, ali ndi zaka 35, pamene adapita ku Olympique Lyonnais ku France. Kumeneko adakhala nyengo imodzi yokha. Masiku amenewo osewera sankachoka mwakufuna kwake, timu inkatha kumusunga ngakhale pangano litatha, ndipo ku Ulaya zimenezi zidasintha kwenikweni ndi chigamulo cha mlandu wa Bosman mu 1995. Nchifukwa chake osewera a masiku ano amayenda kwambiri. Taonani Simão Mate, wapakati wina wa ku Maputo: adachoka ku Ferroviário mu 2007 kupita ku Panathinaikos ku Greece, kumene adatenga ligi ndi chikho mu 2010, kenaka Shandong Luneng ku China, Levante ku Spain, Al-Ahli ku Qatar, mpaka Vegalta Sendai ku Japan. Maiko asanu. Komabe phazi lake loyamba lidali ngati la Coluna: timu ndi timu zidakambirana.

Ndiponso si njira zonse zopita ku Ulaya. Dominguês, Elias Pelembe, adatsata msewu umene agogo athu ankatsata popita kumigodi. Adachoka ku Desportivo mu 2007 kupita ku Joni, ndipo adatenga ligi ya South Africa ndi matimu atatu: SuperSport United, Mamelodi Sundowns ndi Bidvest Wits. Pambuyo pake adabwerera kumudzi nkudzavala malaya a União Desportiva do Songo, m'chigawo chathu chomwechino, ndipo mu Janeiro 2024, ali ndi zaka 40, anali akadali kaputeni wa Mambas pa chikho cha Africa ku Côte d'Ivoire. Mwana wa ku Angónia amene akufuna kuonedwa, Songo ndi Tete zili pafupi kuposa Lisboa, ndipo sizifuna ng'ombe.

Kwathu kuno tili ndi mawu oti mtchona, munthu amene adapita kukagwira ntchito ku Joni kapena ku Salisbury nkuiwala njira yobwerera. Coluna anali ndi zifukwa zonse zotchonera. Ku Lisboa anali mfumu. Koma dziko litalandira ufulu mu 1975 adabwerera, ndipo sadakhale pakhonde ku Maputo kudikira ulemu. Adapita ku Chimoio kukaphunzitsa Textáfrica, timu ya pafakitale ya nsalu, ndipo mu 1976 timu imeneyo idatenga ligi yoyamba ya Moçambique womasuka. Pambuyo pake adatsogolera Federação Moçambicana de Futebol, ndipo sukulu ya mpira ya ku Namaacha idatchedwa dzina lake. Eusébio adamwalira ku Lisboa pa 5 Janeiro 2014. Pasanathe miyezi iwiri, pa 25 Fevereiro, Coluna adamutsatira, koma iye adatsikira kuli chete ali kwawo ku Maputo, ali ndi zaka 78.

Tsopano tibwerere kukhola la mnansi wanga, chifukwa palinso malamulo amene makolo ayenera kuwadziwa. Malamulo a FIFA saloleza mwana wosakwana zaka 18 kusamukira kutimu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, monga ngati makolo ake asamukira kumeneko pa nkhani zosakhudza mpira. Mnyamata wathuyu ali ndi zaka 16. Ndiye kuti ngakhale atafika ku Portugal mawa, palibe timu imene ingamulembe mwalamulo. Chachiwiri, osewera aliyense wopita kunja amayenda ndi chikalata chochokera ku federação ya dziko lake kupita ku federação ya dziko limene akupita. Popanda chikalata chimenecho, si kusamuka ayi, nkusochera. Timamva za anyamata a mu Africa amene adasiyidwa m'mizinda ya ku Ulaya, viza itatha, wowatenga atazimitsa foni, iwo nkumachita manyazi kubwerera chifukwa kumudzi adagulitsa zonse. Amenewo ndiwo matchona a masiku ano, ndipo satchona mwakufuna.

Atsogoleri a matimu a m'maboma mwathu, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani. Kuyambira 2001, malamulo omwewo amati osewera akagulidwa kupita kudziko lina pangano lake lisanathe, magawo 5 pa 100 aliwonse a mtengo wake amagawidwa kwa matimu amene adamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma ndalama imeneyi imatsata mapepala. Ngati mwana simudamulembetse ku associação ya chigawo, ngati dzina lake lili m'mutu mwa mphunzitsi basi, tsiku limene adzagulidwe mudzangomva pa wailesi ngati ife tonse. Nthawi ya Coluna nkhokwe inali ya eni chifukwa dziko silinali m'manja mwathu. Lero tikataya zokolola, tidzaloza yani?

Nditamaliza, mnansi wanga adafunsanso kuti, "Ndiye mukuti bwanji, achimwene?" Ndidamuuza kuti abwerere kwa bambo wa suti uja ndi mafunso atatu: dzina la timu imene ikumufuna mwanayo, kalata ya timuyo, ndi chiphaso chosonyeza kuti iyeyo ndi wovomerezeka kugwira ntchito imeneyi. Akayankha bwino, apite nazo ku associação akazione. Akayamba kukwiya kapena kunena kuti mwayi uthawa, adziwe kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pakali pano mwanayo alembetsedwe m'timu, apitirize sukulu, ndipo aphunzire kupatsira mpira ndi miyendo yonse iwiri. Ngati alidi mzati, omanga nyumba adzamupeza, ndipo adzabwera ndi ndalama zawo.

Pamene ndikulemba pano ng'ombe zija zikadali m'khola, ndipo dzulo ndidaziona zikukoka ngolo ya mbatatesi kupita kumsika. Bambo wa suti adalonjeza kuti abweranso kumapeto a mwezi. Akadzabwera, ndidzakuuzani zimene adzayankhe.

Tionanenso sabata yamawa pabwalo pomwe pano.