Kompyuta Ikakana Intaneti, Phunziro Lisathere Pomwepo

Ambiri a inu, aphunzitsi a maŵa, mudzatumizidwa ku sukulu zimene zilibe katswiri wa makompyuta. Kumeneko ntchito yoika pulogalamu yoyendetsa kompyuta, monga Windows kapena Linux, idzagwera inu. Ntchitoyi yachuluka chifukwa kampani ya Microsoft idaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Maganizo anga ndi akuti muziigwira pamaso pa ophunzira, ndipo ikavuta musaŵabalalitse.

Kaŵirikaŵiri ntchitoyi imaima pamene makina afuna kulumikizana ndi intaneti, makamaka pa Windows 11, imene imaumirira intaneti isanamalize kuikidwa. Zifukwa zazikulu ndi ziŵiri. Choyamba, kachipangizo ka Wi-Fi sikagwira ntchito popanda kapulogalamu kake kotchedwa driver. Kapulogalamuko kakasoŵa pa fulashi yoikira, kompyuta siingafike pa intaneti, chonsecho kumeneko ndiko kamapezeka. Chachiŵiri, kompyuta imapempha adiresi kwa rauta kudzera m'njira yotchedwa DHCP. Rauta ikapanda kuyankha, munthu ayenera kulemba yekha adiresi ya IP, subnet mask, gateway ndi DNS.

Apa ndiye pagona phunziro. Funsani ana kuti tiyambire pati. Aone ngati chingwe chaloŵa bwino ndiponso ngati nyali za rauta zayaka. Ayese chingwe chomwecho pa kompyuta ina. Asinthe chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi, nalemba pabolodi chimene chachitika. Mwana wozoloŵera kufufuza motere adzachitanso chimodzimodzi pa masamu ndi pa sayansi, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Ena adzati nthaŵi ya phunziro ndi yochepa, ndiponso kuti mphunzitsi akalephera poyera ulemu wake umatsika. Nkhaŵa imeneyi njomveka, koma mankhwala ake ndi kukonzekera. Musanafafanize chilichonse, sungani mafayilo a sukulu padera, koperani madriver pa fulashi, lembani manambala a adiresi m'kope, ndipo khalani ndi chingwe pafupi. Yambani ndi kompyuta imodzi yokha. Wofafaniza zonse tsiku limodzi akhoza kusiya ana opanda pophunzirira teremu yathunthu, mayeso ali pakhomo.

Kumbukirani kuti anawo adzakumana ndi makina okanika inu kulibe. Amene adaona mphunzitsi wake akufufuza modekha adzadziŵa poyambira.