Kusunga chilolezo chokhala mokhazikika ku South Africa munthu ali ku Malawi

Chilolezo chokhala mokhazikika, chimene anthu ambiri amangochitchula kuti PR, ndi chikalata chimene boma limapatsa mlendo kuti azikhala, kugwira ntchito, kuchita bizinesi ndi kuphunzira m'dziko popanda kumuikira tsiku lotulukira. Chilolezochi si unzika. Mwini wake amakhalabe ndi pasipoti ya dziko lakwawo, ndipo boma likhoza kumulanda chilolezocho ngati wakhala kunja kwa nthawi yaitali. Ku Malawi nkhaniyi imakhudza kwambiri madera amene anthu ake amapita ku South Africa, kapena kuti ku Joni, monga Namwera m'boma la Mangochi.

Namwera ndi ulendo wa ku Joni

Namwera ili m'dera la Mfumu Jalasi, pa msewu wochoka ku Mangochi kupita ku chipata cha Chiponde, m'malire a Malawi ndi Mozambique. Anthu a m'boma la Mangochi anayamba kalekale kupita ku South Africa. Poyamba ambiri ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, ndipo kenako ku TEBA, mpaka pamene kulemba Amalawi ntchito za m'migodi kunaima mu 1988. Masiku ano anthu amapita okha pa basi, kudzera ku Tete, Zimbabwe ndi chipata cha Beitbridge.

Mmalawi amaloledwa kulowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30. Kuyambira mu 2014, wopitirira masiku amene anapatsidwa amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu. N'chifukwa chake PR ndi chinthu cha mtengo wapatali. Ena anaipeza mu 1996, pamene boma la Nelson Mandela linapatsa mwayi wokhazikika nzika za mayiko a SADC zimene zinakhalitsa m'dzikomo. Ena amaipeza atagwira ntchito zaka zisanu ndi chilolezo cha ntchito, atakhala pa banja zaka zisanu ndi nzika kapena munthu wa PR, kapenanso chifukwa chokhala mwana wa anthu oterewa.

Munthu wa PR amakhala ndi ufulu pafupifupi wofanana ndi wa nzika, kupatula zinthu monga kuvota. Mu 2004, pa mlandu wa Khosa, khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti anthu a PR nawonso akhoza kulandira ndalama zimene boma limathandizira okalamba ndi ana.

Lamulo la zaka zitatu

Lamulo loona za olowa ndi otuluka la South Africa ndi Immigration Act ya mu 2002. Ndime 28 ya lamuloli imapatsa mphamvu mkulu wa nthambi ya Home Affairs yolanda PR kwa munthu amene wakhala kunja kwa dzikolo kupitirira zaka zitatu. Nthawiyi imasiya kuwerengedwa pokhapokha munthuyo akalowanso m'dzikomo ndi kukhalamo.

Lamuloli lili ndi popumira. Munthu amene ali ndi chifukwa chomveka akhoza kupempha kuti amuwonjezere nthawi, koma pempholo liyenera kuperekedwa zinthu zisanafike poipa, osati zaka zitatu zitadutsa kale. Palinso anthu amene nthawi yawo yokhala kunja siwerengedwa. Awa ndi monga otumidwa ndi boma la South Africa, otumidwa ndi kampani ya m'dzikomo, ogwira ntchito m'bungwe la mayiko limene South Africa ndi membala, pamodzi ndi akazi, amuna ndi ana awo. Chimodzimodzinso mkazi, mwamuna kapena mwana wa nzika ya South Africa amene akukhala kunja limodzi ndi nzikayo.

Zifukwa zimene zimabweza anthu ku Namwera sizili pa mndandanda umenewu. Munthu amabwera kudzadwazika mayi ake, kudzamanga nyumba, kudzatsegula golosale kapena kudzalima, ndipo ena anabwera pothawa zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2008 ndi 2015. Amene ankati akhala miyezi yochepa amapezeka kuti walima kanayi. Apa ndi pamene PR imene anaivutikira imakhala pachiswe.

Ana ndi ophunzira

Mabanja ena amene ali ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town amatumiza ana kwa agogo awo kuti akaphunzire sukulu ndi madrasa kumudzi. Sukulu ya pulayimale ku Malawi imatenga zaka zisanu ndi zitatu, ndipo sekondale imatenga zaka zinayi. Mwana wa PR amene sakubwerera ku South Africa ngakhale pa holide amadutsa zaka zitatu asanafike n'komwe pakati pa maphunziro ake. Kukhala pa sukulu pakokha sikuimitsa kuwerenga kwa zakazi.

Palinso lamulo lina lokhudza ana. PR imene mwana anapatsidwa chifukwa cha kholo lake imatha mphamvu ngati sanapemphe kuti itsimikizidwe pasanathe zaka ziwiri kuchokera pamene anakwanitsa zaka 18. Wachinyamata amene akulimbana ndi mayeso a MSCE pa msinkhu umenewu akhoza kuphonya nthawiyi osadziwa. Kwa amene anapeza PR kudzera m'banja, chilolezo chimatha ngati banjalo latha pasanathe zaka ziwiri chiperekedwere, kupatula ngati latha chifukwa cha imfa.

Mmene zilili m'mayiko ena

South Africa si yokha imene ili ndi lamulo lotere, ndipo mayiko ena amaumitsa kwambiri. Ku United Kingdom chilolezo chokhala mpaka kalekale chimatha munthu akakhala kunja zaka ziwiri zotsatizana. Ku Canada munthu ayenera kukhala m'dzikomo masiku 730 pa zaka zisanu zilizonse. Ku United States, mwini green card amene wakhala kunja kupitirira chaka sangalowenso ndi khadi lokhalo, pokhapokha ngati anatenga chilolezo chobwererera asananyamuke, chimene chimagwira ntchito mpaka zaka ziwiri. Mfundo yake ndi imodzi: boma limafuna kuona kuti munthuyo akukhaladi m'dzikomo.

Zimene zasintha posachedwa

Boma la South Africa layamba kuyang'anitsitsa kwambiri zikalata za alendo. Mu 2021 nduna ya Home Affairs pa nthawiyo, Aaron Motsoaledi, inakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Cassius Lubisi kuti iunike zilolezo zimene zinaperekedwa kuyambira mu 2004, ndipo komitiyo inapeza kuti zina zinaperekedwa mwachinyengo. Mu 2024 nduna za boma zinavomereza chikalata cha ndondomeko yatsopano ya unzika, olowa m'dziko ndi othawa kwawo. Izi zikutanthauza kuti munthu sangadalire kuti pa chipata sadzafunsidwa mafunso.

Ku mbali ya Malawi, Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2018 kuti Mmalawi akhoza kukhala ndi unzika wa mayiko awiri. Kwa munthu wa PR amene wakwanitsa zaka zisanu, kupempha unzika wa South Africa ndi njira imodzi yopewera lamulo la zaka zitatu, chifukwa ndime 28 imakhudza PR basi. Koma pasipoti imakhalanso vuto. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yopanga mapasipoti ku Malawi inaima kwa milungu ingapo chifukwa cha kuwonongeka kwa makompyuta, ndipo munthu wopanda pasipoti sangawoloke malire mwalamulo ngakhale ali ndi PR.

Zoyenera kusamala

Wobwera kumudzi ayenera kulemba tsiku limene anatuluka mu South Africa ndi kuwerenga zaka zitatu kuchokera pamenepo. Ayenera kusunga pasipoti yakale imene ili ndi zidindo, chikalata chenicheni cha PR, ndi umboni wa chifukwa chimene wakhalira kunja, monga kalata ya kusukulu kapena ya kuchipatala. Ngati akuona kuti achedwa, pempho lowonjezera nthawi lipite ku Home Affairs nthawi idakalipo. Makolo akumbukirenso msinkhu wa ana awo amene akuleredwa kumudzi, chifukwa mwana akakwanitsa zaka 20 nthawi yotsimikizira chilolezo chake imakhala yatha.