Mamilimita 368 amene akugawa njanji zopita kumadoko

Pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ya Malawi pali mpata wa mamilimita 1,067. Muyeso umenewu, umene akatswiri amautcha Cape gauge, ndi umenenso uli pa njanji zikuluzikulu za Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Njanji yatsopano yamagetsi ya Tanzania, imene sitima zinayamba kuyendapo pakati pa Dar es Salaam ndi Dodoma mu 2024, mpata wake ndi mamilimita 1,435. Kusiyana kwake n'kosakwana ndi mkono umodzi womwe, koma bogi la panjanji imodzi silingaponde pa inzake. Pamene njanji zosiyana muyeso zakumana, katundu amatsitsidwa n'kupakiridwanso m'sitima ina, ndipo ndalama zake amazilipira ndi wogula feteleza kapena mafuta.

Kenya inamanga njanji yotambalala ya Mombasa mpaka Nairobi ndi ngongole ya ku China ndipo inaitsegula mu 2017. Tanzania tsopano ili ndi miyeso itatu: mamilimita 1,000 pa njanji yakale ya atsamunda, 1,067 pa njanji ya TAZARA ndi 1,435 pa yatsopano. Njanji yotambalala imalola liwiro lalikulu, n'chifukwa chake imakopa atsogoleri. Komabe dziko lopanda doko ngati Malawi silisankha lokha muyeso. Sitima zake zimathera ku Nacala ndi ku Beira, choncho njanji yosiyana ndi ya Mozambique ikhoza kungothera pamalire.

Ndalama zakunja zimene zalowa m'chigawo chino zikutsimikiza zomwezo. Kampani ya migodi ya ku Brazil, Vale, itafuna kutumiza malasha a ku Moatize kunyanja, inamanga ndi kukonzanso njanji ya makilomita 912 yodutsa m'Malawi mpaka kudoko la Nacala-a-Velha, pamtengo woposa madola 4 biliyoni. Chigawo chatsopano chochokera ku Kachaso m'boma la Chikwawa kukafika ku Nkaya m'boma la Balaka chinamangidwa pa muyeso wakale womwewo kuti chilumikizane ndi njanji yopita ku Nayuchi. Ntchitoyi inatsegulidwa mu 2017. Zimenezi zinaonetsa kuti njanji yopapatiza, ikayalidwa ndi zitsulo zolimba ndi milatho yamphamvu, imanyamula katundu wolemera kwambiri.

Phunziro lachiwiri n'lowawirapo. Njanjiyi inamangidwira malasha. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa kampani ya Vulcan, ya gulu la Jindal la ku India. Mwini ndalama amalimbitsa chigawo chimene mumadutsa katundu wake, pamene nthambi zopita ku Limbe, Salima, Kanengo ndi Mchinji zimadikira nthawi yake. Pamene sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala inafika ku Lilongwe mu 2024, panali patapita zaka zoposa 20 zimenezi zisanachitike, ngakhale kuti muyeso wa njanji sunasinthepo. Chimene chinkavuta ndi milatho yokokoloka ndi njanji yotha ntchito.

Kumwera nkhani ndi yomweyo. Njira ya ku Beira inatsekeka ndi nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, kenaka madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo mu 1997. Mozambique inakonza mbali yake kuchokera ku Mutarara kufika pamalire, ndipo phindu lenileni lidzaoneka njanji yochokera ku Marka ikadzadutsa Bangula n'kufika ku Limbe.

Kumadzulo, njanji ya Mchinji inafika ku Chipata mu 2010 n'kuthera pomwepo. Kuti ikumane ndi TAZARA ku Serenje pakufunika makilomita pafupifupi 390. Mu 2025 Zambia ndi Tanzania zinasainirana mgwirizano wa madola 1.4 biliyoni ndi kampani ya ku China ya CCECC woti ikonze TAZARA ndi kuiyendetsa kwa zaka 30. Poti muyeso ndi umodzi, mpata wa Chipata ndi Serenje utatsekedwa, bogi lopakiridwa ku Kanengo likhoza kufika ku Dar es Salaam kapena kumigodi ya mkuwa ya Zambia popanda kutsitsa thumba ngakhale limodzi.

Choncho boma likamakambirana ndi obweretsa ndalama, liyenera kuumirira mfundo zitatu zolembedwa mumgwirizano: muyeso ukhale wofanana ndi wa mayiko oyandikana nawo, nthambi zonse zilimbitsidwe kuti bogi lodzaza lisamapungulidwe katundu pa Nkaya, ndipo feteleza, mafuta, shuga ndi fodya zipatsidwe nthawi yodziwika panjanji. Popanda mfundo yachitatuyi, a Malawi azingoimirira m'mbali mwa njanji kuwerenga mabogi a malasha akudutsa, katundu wawo akubwerabe pa mathiraki.