Wonyamula kheni ndi wina, wokwera ndege ndi wina

Azichemwali, tiyambe ndi funso. Mayi uja amadutsa m'misewu ya ku Area 47 m'mamawa, beseni la mpiru ndi chayinizi lili pamutu, akuitanira malonda pageti lililonse, munayamba mwamufunsa kuti ndiwozo amazithirira bwanji? Ambiri mwa amayi amenewa amachokera ku Mtandire ndi ku Mtsiliza, ndipo ena ali ndi timadimba m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Kheni ziwiri m'manja, mwana kumbuyo, kutsika ndi kukwera gombe mpaka msana kuuma. Ikafika Okutobala madzi aphwa, amakumba chitsime pamchenga. Mayi ameneyu amadziwa madzi kuposa ambiri a ife.

Tsopano tsegulani Facebook. Nthawi ndi nthawi timaona zithunzi za akatswiri ali pabwalo la ndege la Kamuzu, akupita kunja kukaphunzira za ulimi wamthirira ndi kasamalidwe ka madzi. Mukadzaona chithunzi chotere, mudzawerenge amayi. Kawirikawiri zala za dzanja limodzi zimatsalako.

Tisanamizane, maulendowa ndi ofunika. Dziko lathu lili ndi nyanja ndi mitsinje, koma timadalirabe mvula ya dzinja limodzi. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Chaka cha 2023 namondwe Freddy anakokolola minda ndi miyoyo kummwera. Ndiye kupita ku Israel kukaona mthirira wodontheza madzi patsinde la mbewu, umene kampani ya Netafim inayamba kufalitsa mu 1965, si kuwononga nthawi. Kukaona momwe alimi a mpunga a ku Mwea, m'dziko la Kenya, amagawanirana madzi m'ngalande, n'kwanzeru. Kuyenda n'kuona. Funso lathu ndi lakuti: akuona ndani, ndipo akabwerako akuuza ndani?

Funsoli si la nsanje ya alawansi ayi. Amene wapita kukaona ndi amene amadzakhala patebulo polemba pulani ya sikimu, posankha pampu yogula, pokonza ndandanda ya madzi. Ngati patebulopo palibe mayi, pali mafunso amene safunsidwa n'komwe. Madzi akamabwera usiku, mayi apita yekha kumunda mumdima? Ngalandeyi ili ndi potungira ndi pochapira, kapena ana azigweramo? Munda ulembedwa dzina la ndani? Ndalama za mpunga zikatuluka, zilowa m'thumba la ndani?

Tinaziona kale. M'zaka za m'ma 2000 boma linagawa matredo pampu ambiri m'midzi. Funsani azakhali anu kuti kupalasa pampu ija kwa maola, uli ndi pakati kapena mwana kumsana, kumamveka bwanji. Ndipo si kuno kokha. Ku Gambia, kulima mpunga m'madambo inali ntchito ya amayi kuyambira kale. Itabwera sikimu ya Jahally-Pacharr mu 1984, minda yambiri inagwera m'manja mwa abambo monga mitu ya mabanja, amayi n'kutsala olima chabe pamalo amene kale zokolola zinali zawo. Ambiri anayamba kukana kugwira ntchito popanda malipiro. Mapampu anali abwinobwino. Chimene chinasowa ndi mawu a amayi.

Lero ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuli ntchito yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, ngalande yotenga madzi a Shire ku Kapichira kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000. Alimi akuphatikiza minda yawo m'makopaletivi. Zimene zikugamulidwa panopa zidzakhudza ana athu ndi zidzukulu. Madzi akatayika saoleka.

Ena atiuza kuti amayi odziwa za madzi kulibe. Eti? Ku Bunda, pasukulu ya LUANAR, atsikana akuphunzira uinjiniya wa mthirira. Ku NRC nakonso akutuluka ndi madipuloma awo. M'masikimu ngati Bwanje ku Dedza ndi Domasi kummwera muli amayi amene alima mpunga wothirira kwa zaka zambiri. Kuno m'tauni, pitani pamakiyosiki a madzi ku Chinsapo kapena ku Mgona, muone amene akugulitsa madzi, kulemba mita ndi kukhazika mtima pansi anthu mipopi ikauma. Akatswiri alipo. Vuto lili pa kasankhidwe.

Kalata yoitana ikafika muofesi, imathera mudirowa ya akuluakulu. Amasankhana potengera giredi, ndipo magiredi apamwamba adzaza abambo. Mtsikana akatchulidwa, wina amamuyankhira yekha: "Ameneyo ali ndi khanda," kapena "Amuna ake salola," osamufunsa mwiniwake. Akasankhidwa, miseche imayamba m'makhonde, ati wapita chifukwa cha abwana. Ndipo tisabise, pali ena amene amauzidwadi kuti dzina lawo lilowa pamndandanda akavomera zina zake. Imeneyo ndi nkhanza, ndipo lamulo limaletsa.

Lamulo lake ndi Gender Equality Act ya 2013. Limaletsa nkhanza zokhudza kugonana pantchito, komanso limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse. Ngati mfundo imeneyi ili yabwino polemba ntchito, ikanikiranji posankha opita kukaphunzira? Kumbukiraninso kuti ndalama zakunja n'zosowa. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, boma linaimitsa kaye maulendo akunja a akuluakulu ake. Choncho tikiti iliyonse iyenera kubweza phindu kumunda, osati mufoni mokha.

Ife tikupempha zinthu zinayi kwa unduna, mabodi a madzi, mabungwe ndi onse othandiza ndi ndalama.

Choyamba, mwayi ukabwera ulengezedwe poyera, ndi zoyenereza zake, nthawi yokonza pasipoti ikadalipo.

Chachiwiri, pagulu lililonse amayi asachepere 40 pa 100, ndipo mayina a opita adziwike.

Chachitatu, mpando umodzi kapena iwiri ikhale ya alimi enieni ochokera m'makomiti a madzi. Chingerezi chisakhale chifukwa, omasulira alipo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chachinayi, wobwerako akafotokoze zimene waona, m'chilankhulo cha alimiwo, pasikimu pomwepo. Lipoti la mushelefu silithirira munda.

Ndipo si ulendo uliwonse wofuna ndege. Mtengo wa tikiti imodzi ukhoza kudzaza basi ya amayi a m'madimba a Lingadzi kukaona Bwanje n'kubwerako tsiku lomwelo.

Kwa iwe chemwali amene uli ndi pepala lako la zamadzi kapena zaulimi: usadikire kuitanidwa. Funsa muofesi kuti chaka chino kuli maphunziro anji, lemba kalata, sunga kope lake. Akakukana, funsa chifukwa, akuyankhe molemba. Ukapita, ukabwere ndi nzeru ndi dzina la mtsikana wina woti adzapite ulendo wotsatira.

Tiuzeni m'makomenti: kuntchito kwanu amasankha bwanji? Ndipo mawa mayi wa masamba akagogoda pageti, musanayambe kunenerera mtengo, mufunseni za madzi.