Kalata ya ku Arkansas: Sabata ya mithuthuthu

Kuno ku Fayetteville, m'chigawo cha Arkansas ku America, masamba a mitengo ayamba kufiira ndipo kum'mawa kukuzizira ngati ku Dedza mwezi wa June.

Loweruka lapitali tidanyamuka banja lonse ulendo wa ku Rogers, tauni ina yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa kuno, kukaonerera njinga zamoto. Inde, kungoonerera basi. Ndikudziwa kuti wina ku Mchesi kapena ku Ndirande wayamba kale kuseka kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake angawotche bwanji mafuta kukaona kabaza. Sekani ndithu. Amene adatikakamiza ulendowu ndi mwana wathu woyamba, mnyamata amene tsopano wandifika m'phewa, ndipo kuti mumvetse chomwe chidamugwira mtima ndiyenera kubwerera kaye ku chaka cha 2018.

Tidafika kuno mu August chaka chimenecho. Mayi a kunyumba ndiwo adapeza mwayi wa maphunziro a sayansi ya nkhuku pa University of Arkansas, ndipo ine ndidabwera ngati mlezi wa ana awiri, mnyamata wa zaka zitatu ndi khanda la miyezi isanu. Musadabwe ndi za nkhukuzo: kampani yaikulu ya Tyson Foods ili ndi likulu lake ku Springdale, tauni yoyandikana nafe, choncho nkhuku kuno ndi nkhani ya madigiri. Yunivesiteyi idakhazikitsidwa mu 1871, ili paphiri, ndipo masiku ano ili ndi ophunzira opitirira 30,000 m'tauni yomwe pakalembera wa 2020 idapezeka ndi anthu pafupifupi 94,000. Amene adakhalako ku Zomba akudziwa kale moyo wa tauni yotere. Chanco ikatsekera, eni nyumba ku Chikanda amayamba kuwerenga masiku. Kunonso mu May, ophunzira akamwazikana, ngakhale magalimoto pamsewu amachepa.

Tidapeza kanyumba ka lendi pafupi ndi Dickson Street, msewu wa malo odyera, omwera ndi oimbira womwe umalumikiza yunivesite ndi pakati pa tauni. Tidaona ngati tachita mphumi. Palibe adatichenjeza za kumapeto kwa September.

Lachitatu lina masana ndidamva kugunda kuchokera chakummwera. Ndidathamangira panja kukaanula zovala, poganiza kuti mvula yafika. Kumwamba kunali ngwee. Kugundako kunkachokera pamsewu: njinga zamoto, makumi, kenako mazana, kenako zosawerengeka. Chinali chikondwerero chotchedwa Bikes, Blues & BBQ, chomwe chidayamba m'chaka cha 2000 ndipo chimatenga masiku anayi, Lachitatu mpaka Loweruka. Dzina lakelo likunena zonse: njinga, nyimbo za blues ndi nyama yootcha. Chidali chitakula kufika poti okonza ake ankati alendo obwera amaposa eni tauni kangapo.

Usiku woyamba khanda silidagone. Usiku wachiwiri chimodzimodzi. Likangoti tseke m'maso, wina amadutsa pamsewu wathu akuliza injini ngati akuitana anzake a kutsidya la nyanja, mawindo n'kumanjenjemera. Mayi a kunyumba anali ndi mayeso Lolemba lake. Loweruka m'mawa adandiyang'ana ndi maso ofiira n'kunena kuti, "Abambo, chonde tengani anawa mupite nawo kulikonse. Ngakhale komweko kuphokosoko." Iwo ankanena mokwiya, ine ndidamva ngati lamulo. Ndidabereka khanda pachifuwa, mnyamata padzanja, ulendo wa ku Dickson Street.

Ndinkayembekezera kukapeza anyamata a matama. Ndidakapeza azigogo. Njinga zidaimikidwa mbali zonse za msewu, zambiri za mtundu wa Harley-Davidson, zopukutidwa mpaka kudzionerapo nkhope, ndipo eni ake ambiri anali a imvi, mimba zili patsogolo, atavala majekete achikopa. Nditacheza nawo ndidapeza kuti wina ndi mphunzitsi wopuma, wina adali msilikali, wina amakonza mano. Apa mpamene munthu wa kwathu amasokonezeka. Kwathu njinga yamoto ndi khasu: mnyamata amaitenga pangongole, amadzuka nayo mbandakucha, ndipo madzulo amawerenga ngati yakwana ya abwana ndi ya ufa. Kuno ndi chidole cha munthu amene adamaliza kulipira nyumba. Mtengo wa ina ungakumangireni nyumba ya malata ku Lunzu n'kutsala chenji. Amabwera kudzayenda m'misewu yokhotakhota ya mapiri a Ozark, makamaka wina wotchuka wotchedwa Pig Trail, ndipo madzulo amabwerera m'tauni kudzadya ndi kumvera nyimbo. Chomwe akufanana ndi anyamata athu a kabaza n'chimodzi: kudana ndi helemeti. Ku Arkansas, kuyambira 1997, lamulo limakakamiza chipewachi kwa osakwana zaka 21 okha. Ena onse amati mutu ndi wa mwini.

Gogo wina wa ndevu zofika pachifuwa ataona mwana wanga akuyang'anitsitsa njinga yake yofiira, adandipempha kaye chilolezo, kenako adamunyamula n'kumukhazika pampando. Adamugwiritsa zogwirira, adamuonetsa pomwe pamatentha kuti asakhudze, n'kutulutsa m'thumba timathonje totseka m'makutu kuti ndimuike. Za khandalo adandidzudzula mosabisa kuti makutu ake ndi anthete, ndisayandikire nalo pomwe akuliza mainjini. Adandiuza kuti iye ali ndi zidzukulu zisanu. Mwana wanga adatsika panjingayo atasanduka munthu wina, ndipo mpaka lero sadachire.

Titayenda pang'ono kuchoka pamenepo, ndidaona mbendera. Yofiira, yokhala ndi mtanda wa buluu wopingasa ndi nyenyezi zoyera, ili pewupewu kumbuyo kwa njinga ina, ndipo ina itasokedwa pajekete la munthu. Imeneyi ndi mbendera ya asilikali a zigawo za kummwera zomwe zidamenya nkhondo kuyambira 1861 mpaka 1865 pofuna kuti ukapolo wa anthu akuda upitirire. Arkansas idali m'gulu limenelo. Amene amaikweza masiku ano amakonda kunena kuti akungokumbukira makolo awo. Mwina ena amanenadi zoona. Koma ine ndidali munthu wakuda, ndili ndi ana awiri akuda, pakati pa chinamtindi cha anthu omwe sindikuwadziwa, ndipo ndidazindikira kuti dzanja la mwana ndalifinya mpaka iye kudandaula. Palibe adatinyoza, palibe adatiyang'ana moipa. Komabe dzuwa lisadalowe tidali titafika kunyumba, ndipo sindidauze mayi a ana chifukwa chake mpaka atalemba mayeso.

Chomwe chidandizunguza kwambiri n'chakuti tikudutsa pamenepo, papulatifomu bandi inkaimba blues. Nyimbo zimenezi zidabadwira pakati pa zidzukulu za akapolo, m'minda ya thonje ya m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, ndipo kummawa kwa Arkansas ndi kwawo kwenikweni. Ku Helena kuli pulogalamu ya pawailesi ya blues yotchedwa King Biscuit Time yomwe idayamba mu 1941. Sister Rosetta Tharpe, mayi amene gitala lake lidatsegulira njira oimba rock and roll, adabadwira ku Cotton Plant m'chigawo chomwechino mu 1915. Ndiye taganizani munthu atavala mbendera ija pamsana, maso ali tsinzi, mutu ukugwedezeka ndi nyimbo za anthu omwe mbenderayo inkafuna akhalebe m'maunyolo. Ndidamuyang'ana nthawi yaitali. Ankasangalala ndi mtima wonse.

Ndisainamizire tauniyi. Fayetteville ndi imodzi mwa matauni oyambirira kummwera kwa America kulola ana akuda kulowa m'sukulu ya sekondale ya azungu, mu 1954, patatsala zaka zitatu kuti ku Little Rock, likulu la chigawo chino, asilikali achite kuperekeza ana akuda asanu ndi anayi pakhomo la sukulu. Anthu a kuno amanyadira mbiri imeneyo, ndipo ambiri mwa iwo mbendera ija inkawanyansa kuposa ine.

Nkhani ya chikondwererochi inkagawa anthu chaka chilichonse. A mahotela ndi malo omwera ankachidikira ngati mlimi wa fodya adikira okushoni. Okonza ake amapereka phindu lake kumabungwe othandiza ana, okalamba ndi ena ovutika m'dera lino, choncho nawonso mabungwewo ankachiteteza. Mbali inayi kunali mabanja omwe ankatseka nyumba n'kukabisala kwa achibale masiku anayiwo, ndi eni timashopu ena omwe ankati makasitomala awo a tsiku ndi tsiku amathawa. Otsutsawo mawu awo anali amodzi: ino ndi tauni yolereramo ana. Ovomereza ankayankha za walira mvula walira matope. Kenako kudagwa Covid-19. Mu 2020 chikondwerero chidalephereka, mu 2021 chimodzimodzi, ndipo pomwe chinkabwerera mu 2022 chidali chitasamukira ku Rogers.

Ine ndidali m'gulu la omwe adapumira m'mwamba. Ndipo kunena zoona nyimbo sizidachoke ndi njinga. Pa Dickson Street pomwepo pali George's Majestic Lounge, malo omwe adatsegulidwa mu 1927 ndipo mabandi amaimbamo mpaka lero, ngakhale kumeneko n'kwa akuluakulu. Ife a ana tili ndi kwathu. Nyengo yotentha ku Gulley Park kumakhala zoimbaimba zaulere madzulo: mumayala nsalu paudzu, mumatsegula kontena ya mandasi ophika nokha, ana n'kumathamangitsana kutsogolo kwa oimba popanda wowakalipira. Loweruka m'mawa pabwalo la pakati pa tauni pamakhala msika wa alimi womwe udayamba mu 1973, ndipo pakona iliyonse pamaima wina ndi gitala kapena banjo, chikwama chake chili chotsegula pansi kuti oponya aponyemo. Banjo ikalira ine ndimaona Chileka m'maso. Pali laibulale yaikulu yomwe mwana amabwerekako mabuku odzaza thumba osalipira kalikonse, ndi kanjira ka njinga zakapalasa kotchedwa Razorback Greenway, kotalika makilomita pafupifupi 60, kodutsa m'matauni angapo a dera lino. Zonsezi n'zabwino, ndipo sindizipeputsa.

Koma chinthu china chakhala chikundikanda. Tauni ino siidakhalepo ya ziii. Timu ya yunivesite ya mpira wa ku America, Razorbacks, ikamasewerera pakhomo, anthu opitirira 70,000 amadzaza bwalo, misewu imatsekeka kuyambira m'mawa, mowa umayamba dzuwa lisadakwere, ndipo onse pamodzi amakuwa mfuu yoitanira nkhumba, poti chizindikiro cha timuyi ndi nguluwe. Mfuu imeneyo inkamveka mpaka kuchipinda kwathu, ndipo khanda lomwe lija inkalidzutsa chimodzimodzi. Izi zimachitika kangapo pachaka, osati kamodzi. Sindidamvepo wina akunena kuti mpira usamuke chifukwa cha ana. Phokoso la mpira ndi la aphunzitsi, madokotala ndi ana awo, ndiye limatchedwa mwambo. La njinga lidali la alendo, ambiri ochokera m'matauni ang'onoang'ono ndi kumidzi, olankhula mokoka mawu, ndipo ndikukayika ngati makutu okha ndiwo ankawawa. Inenso ndidaweruza nawo chomwecho, ine amene kuno ndine mlendo woposa onsewo.

Ndipo chomwe chidatichotsa ife pafupi ndi Dickson Street si njinga ayi. Ophunzira akuchulukirachulukira, ndipo nyumba zatsopano zomwe zikumangidwa pafupi ndi yunivesite zambiri n'zochititsa lendi pa bedi, osati pa banja. Ophunzira anayi akasonkha amalipira ndalama yomwe banja la malipiro amodzi silingafikepo. Mwini nyumba yathu adakweza lendi kawiri motsatizana, ndipo kachitatu tidalongedza. Lero tikukhala kunja kwa tauni, komwe kupita ku Gulley Park kapena kumsika wa alimi n'kofunika galimoto. Mabanja atatu omwe tinkayalira nawo nsalu pamodzi adasamukanso. Njinga zinkatisowetsa tulo masiku anayi pachaka. Lendi idatisowetsa miyezi khumi ndi iwiri, mwakachetechete, ndipo palibe adaiitanira msonkhano pamsewu wathu.

Ku Rogers Loweruka lija zinthu zidali monga kale: utsi wa nyama ya nkhumba yomwe imakhala pamoto wa nkhuni usiku wonse mpaka kusiyana ndi fupa yokha, bandi papulatifomu, azigogo ndi majekete awo. Mbendera ija ndidaionanso kamodzi, pachipewa cha munthu. Ulendo uno mwana wanga adaiona yekha, ndipo adandifunsa ngati ndi yomwe adaphunzira kusukulu. Ndidati ndi yomweyo. Adakhala chete pang'ono, kenako adafunsa ngati gogo wa njinga yofiira uja nayenso adali nayo. Ndidamuuza zoona, kuti sindidayang'ane kumsana kwake.

Mlongo wake, khanda losagona lija, adavina mpaka nsapato kuvuka, makutu ali otseka ndi timathonje tomwe ulendo uno ndidagula ndekha. Pobwerera mnyamata adalengeza kuti akadzakula adzagula njinga yake, ndipo adzapita nayo ku Malawi kukanyamula agogo ake kuchokera ku Ntcheu mpaka ku Mangochi. Mayi ake, omwe ndinkaganiza kuti agona, adayankha maso ali chitsinzire: "Uyambe wagula helemeti ziwiri. Agogo akowo ndiwauza ndine."